Masamba Pamsewu wa ku Liwonde

Anthu akakwera galimoto yanga koyamba amayang'anizana. Ena amaseka chamumtima, ena amakokera mkazi wanga pambali n'kumufunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Nkhani yake ndi yakuti ine ndikagwira chiwongolero ndimalankhula. Sindicheza ndi munthu iyayi, ndimangotchula zimene zili pamsewu. "Njinga kumanzere, yasenza makala. Mwana kutsidya, mayi ake ali mbali ino, awoloka ameneyo. Minibasi yaima, wina atulukira kutsogolo kwake." Kuchokera ku Balaka mpaka ku Liwonde pakamwa panga sipatseka. Aziseka, ine sindisiya, ndipo amene watopa nazo atsike akakwere kabaza.

Sindinabadwe wolongolola. Amene anandiphunzitsa galimoto ndi amalume anga, omwe ankayendetsa lole yonyamula thonje ndi chimanga. Sukulu yake inali bwalo la mpira kuseri kwa msika, ndipo ndikalakwitsa giya ndinkalandira mbama ya pankhongo. Iwonso anaphunzira chimodzimodzi kwa mkulu wina wobwera ku Joni. Nzeru yawo yaikulu inali imodzi. Ankati, "Iwe, chida cha dalaivala ndi hutala. Mabuleki amatha, hutala siitha. Ukaliza, wamva wamva, wosamva ndi zake zimenezo."

Tsiku la mayeso anandiimikira migolo, ndinabwerera chakumbuyo pakati pake osakhudza ngakhale umodzi. Ananditengera pachitunda, ndinaima n'kunyamukanso galimoto osatsetsereka. Basi, laisensi m'thumba. Palibe amene anandifunsa ngati maso anga amaona.

Ntchito ndinaipeza kubungwe lina lokonza mijigo m'midzi ya ku Balaka ndi ku Machinga. Galimoto yake inali ya mipando yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndi bodi yonyamulira mapaipi. Ndinaiyendetsa zaka khumi ndi zisanu. Nkhuku ndinapha zambiri, mbuzi imodzi, munthu iyayi. Ndiye ndinkadzimva, ndisaname. Ndinkati pamsewu wonse wa ku Mangochi palibe wondiuza kanthu.

Pa zaka zonsezo, kamodzi kokha ndi pamene msewu unandiopseza, ndipo sinali ngozi. Tonse timadziwa kuti maliro akagwa pafupi ndi njira anthu amathyola masamba n'kuyala pamsewu, uku ndi uko. Wanjinga amatsika n'kumakankha, chipewa m'manja. Wagalimoto amazimitsa wailesi n'kudutsa ngati akuyenda pansi. Tsiku lina m'chilimwe, pamsewu wafumbi wopita kwa Mposa, ndinali nditachedwa ndipo masamba ndinawaponda ndili paliwiro. Fumbi lonse linakathera pa amayi amene anakhala panja pa siwa. Sindinapite patali. Kutsogolo ndinapeza chipika chagona pamsewu, ndipo adzukulu anali akutuluka m'tchire kuchokera kokumba manda, makasu pamapewa, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Anandizungulira. Mmodzi analowetsa dzanja pawindo n'kuzula kiyi. Ndinaona khasu lili pafupi ndi nkhope yanga, ndipo ndinadziwa kuti wina akangoyamba, ena onse atsatira. Sanandimenye. Anandikhazika pansi padzuwa, pambali pa galimoto, mpaka anthu anabwerako kumanda. Kiyi anandiponyera m'fumbi. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona masamba pamsewu mutu unkangonena chinthu chimodzi: maliro.

Patapita nthawi mnzathu wina anagubuduza galimoto ya kuntchito. Anapulumuka, koma mabwana anati madalaivala tonse tikaphunzirenso kwa sabata imodzi, maphunziro aja opewera ngozi amati difensivu. Ine ndinapsa mtima. Munthu wa imvi m'ndevu, ana anayi, akandikhazike pabenchi ngati wa sitandade wani?

Anatisonkhanitsa m'holo ina ku Balaka, pafupi ndi njanji. Mphunzitsi anali bambo wachikulire, Myao, wovala kofiya yoyera, wolankhula motsitsa moti unkachita kutchera khutu. Dzanja lawo lamanzere silinkawongoka, ndipo sanatiuze chimene chinalipinda. Asanamalize ngakhale moni ine ndinaimika mkono.

"Aphunzitsi, pepani. Ife galimoto tayendetsa, ena muno asanabadwe. Mutiphunzitsa chiyani kwenikweni?"

Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke ndipo sanakwiye.

"Kuyendetsa mukudziwa, adalaivala, zimenezo sindikutsutsa," anatero. "Ine ndabwerera maso anu."

Anatiuza kuti maphunzirowa sanayambe dzulo. Kalekale ku Mangalande apolisi ankagunditsa galimoto zawo pafupipafupi, chonsecho anali madalaivala odziwa. Akuluakulu awo anaitana anthu a mipikisano ya galimoto kuti awathandize. Aliyense ankayesa kuti awaphunzitsa kuthamanga, koma iwo anawaphunzitsa kuyang'ana patali ndi kukonzeka zinthu zisanachitike. Ndipo pofuna kudziwa ngati munthu akuonadi, ankamukhazika pachiwongolero n'kumuuza kuti azitchula mokweza chilichonse chimene maso ake agwira. Njira imeneyo inayenda mayiko ambiri mpaka inafika kuno, mochedwa monga zimafikira zinthu kwathu. Ine ndinanong'oneza mnzanga kuti ku Mangalande kulibe mbuzi.

Tsiku lachitatu tinatuluka ndi galimoto, mmodzimmodzi. Ine gawo langa linali kuchokera ku Balaka, kukhotera msewu wa ku Mangochi, mpaka pa Ulongwe. Aphunzitsi anakhala pambali panga, lamba womanga, manja pamiyendo.

"Nenani zimene mukuona."

"Msewu," ndinatero.

"Wokha?"

"Ndi mitengo."

"Mwasiya mayi wasenza nkhuni uyo, sangathe kucheuka. Mwasiya galu. Mwasiya mthunzi wa munthu pansi pa lole yaima apo. Yambaninso."

Asa! Ndinachita manyazi ngati andivula. Ndinayamba kutchula, koma mawu ankatsalira, galimoto ili patsogolo. Ndikamati njinga, njingayo ndaidutsa kale. Iwo anangoti, "Mbolembole," ndiye kuti pang'onopang'ono m'chiyao chawo. "Ngati pakamwa pakulephera kutsatira, ndiye kuti maso nawonso akulephera. Chotsani phazi." Ndinachotsa, mano ndili kukukuta. Anandiuzanso mawu amene ndinawanyoza tsiku limenelo: "Musathamange kupitirira pamene maso anu afika. Ndipo buleki imapondedwa galimoto ili chowongoka, kona isanakwane."

Tikuyandikira pa Ulongwe, pomwe amagulitsa chimanga m'mabeseni, ndinaona masamba pamsewu. Ndinalankhula msangamsanga kuti andione kuti ndine katswiri.

"Maliro!"

"Mwawaona?"

"Si masamba awo?"

"Ndiye nenani kuti masamba. Mwanena zimene mukuganiza, ine ndati nenani zimene mukuona."

Titangopitirira pang'ono tinakumana nawo: amuna okhaokha, atanyamula jeneza, chonyamulira mtembo cha Asilamu, pamapewa, akuyenda mwandawala n'kumalandirana. Ndinaimitsa galimoto pambali mpaka anadutsa. Kenako ndinatembenukira aphunzitsi mwamatama.

"Nanga si maliro amenewa, aphunzitsi?"

"Ndi maliro," anayankha. "Inenso ndinadziwa. Koma ine sindinafunse masamba. Masamba amaikanso a lole ikawafera pamsewu. Ine ndinaona amuna atatu akukankha njinga pamalo osakwera, zipewa zili m'manja."

Ndinangoti mdala uyu ndi wamakani. Satifiketi anandipatsa, koma pansi pake analemba ndi bolopeni kuti ndipitirize kuyeserera. Ndinaipinda n'kuiponya m'sutikesi. Kwa miyezi ingapo ndinkatchulabe zinthu ndikakhala ndekha m'galimoto, mwina pofuna kudzitsimikizira kuti mdala uja ananama. Pambuyo pake ndinaiwala, hutala inabwerera pamalo pake.

Tsopano ndinene za tsiku limene ndimaopa kulikumbukira.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ndipo anakwatiwa kwa Mposa. Chaka chimenecho anali woyembekezera, mimba yoyamba. Masiku atayandikira mkazi wanga anapita kukamudikirira pachipatala chaching'ono cha kumeneko. Mwamuna wake anali kutali kuntchito. Ine mwamwayi sabata imeneyo tinkakonza mjigo m'mudzi wina chakufupi. Dzuwa litakwera, cha m'ma leveni, foni inalira. Anali mkazi wanga.

"Abambo, mwana wabadwa, wamkazi, ali bwino." Ndisanasangalale anapitiriza. "Koma mayi wake magazi sakusiya. Bwerani ndi galimoto. Bwerani pompano."

Ndinaimbira abwana, anangoti pitani. Amisiri ndinawasiya ndi mapaipi awo pamjigo pomwepo.

Pachipatala ndinapeza anamwino ali pakhomo, magolovesi ofiira. Analankhula mosazungulira. Anati achita zonse zimene angathe pamalopo, amuika dilipi ndi mankhwala, koma pakufunika magazi ndi madokotala a ku Liwonde. Ambulansi inali itanyamuka m'mawa ndi wodwala wina, ndipo iwo sakanasiya amayi ena awiri amene anali pafupi kuchira. Ku Liwonde anali ataimbako kale.

"Thamangani naye, bambo. Ndipo asagone tulo. Muzimulankhula njira yonse."

Tinamugoneka pampando wakumbuyo pa zitenje. Khanda tinalisiyira apongozi ake aakazi. Mkazi wanga anakhala chogwada pakati pa mipando, dzanja lina lakweza thumba la dilipi, lina lagwira mutu wa mwana. Mwana wangayo ndinamuyang'ana kamodzi kokha. Milomo yake inali yotuwa ngati wadya phulusa. Anatsegula maso n'kunena kuti, "Ababa, mwabwera." Ndinati ndabwera mwanawe, usaope. Woopa ndinali ineyo.

Msewu wafumbi unali ndi mabampu, ndipo bampu lililonse iye ankabuula. Ndikachepetsa liwiro mkazi wanga ankati fulumirani. Ndikaponda moto mwana ankalira. Ndinatukwana msewu, ndinatukwana ng'ombe zimene zinatsekereza pamlatho, ndinatukwana ndi mwini wake yemwe. Titakwera pa tala ndinati tsopano zatheka, ndipo ndinaponda moto mpaka phazi linagunda pansi. Hutala sindinaichotse dzanja. Anthu ankathawira m'mbali, njinga zikugwera m'ngalande. Amalume akanandiona akanati mwana ndinaphunzitsa.

M'galimoto munayamba kumveka fungo la magazi. Fungo limenelo ndinkalidziwa pophera mbuzi, osati pa mwana wanga. Mkazi wanga ankamuitana, kumufunsa dzina limene adzapatse khanda, kumuimbira nyimbo ya kwaya. Poyamba ankayankha ndi mawu, kenako ndi kubuula. Titadutsa pa boma la Machinga ndinamva mkazi wanga akuitana kawiri, katatu, kenako mawu ake anasweka.

"Abambo, sakuyankha. Mayo ine, sakuyankha! Lankhulani inuyo, mwina amva inu."

Ndilankhule chiyani? Ine sindine munthu wa mawu okoma. Ana anga ndinawalera ndi "tseka chitseko" ndi "wadya kale?" Pemphero linandithawa, ngakhale la Atate Wathu limene ndalinena kuyambira ndili mwana. Ndiye poti anamwino anati asagone, ndipo chinthu china cholankhula ndinalibe, ndinayamba kunena zimene zinali patsogolo panga.

"Mwanawe, tamvera. Mbuzi kumanzere, zitatu. Wamva? Amayi awiri asenza mitolo ya udzu. Minibasi ikubwera, yadzaza. Chikwangwani cha mtsetse. Tayamba kutsika phiri tsopano, Liwonde ali pansi apo. Mwana wasukulu kumanja. Ukumva, mwanawe?"

Amene anayendapo pamenepo akudziwa mmene msewu umatsikira, kukhota uku n'kukhota uko, mbali ina phiri, mbali ina chigwembe. Ine ndinkatsika ndi liwiro limene sindidzalitchula kwa munthu.

Ndiye ndinawaona. Masamba, obiriwira, ongothyola kumene, pamsewu kona isanakwane.

"Masamba," pakamwa panatero.

Mutu unamaliza wokha: maliro. Ndinaona makasu aja, dothi lofiira lija, kiyi m'fumbi. Ndipo mtima unandiuza kuti lero ndiye ayi. Wakufa wafa kale, wanga akupuma. Pamaliro anthu amakhala m'mbali, msewu umakhala wotsegula. Ndiyatsa magetsi, ndiliza hutala, ndidutsa ngati mphepo. Akafuna agende, magalasi ndi a bungwe. Akafuna adzandipeze ku Liwonde adzandiphe mwana wanga atalowa m'chipatala. Phazi linali litayamba kale kutsika pa moto.

Koma pakamwa panali pasanatseke, chifukwa ndinkaopa kuti ndikasiya mwana agona.

"Masamba mbali yathu yokha. Ena patsogolo pake. Enanso, alowa mpaka pakona. Wanjinga patsogolo, wadutsa masamba, sanatsike. Chipewa chili kumutu. Akupalasa, akuimba mluzu..."

Ndinazimva ndi makutu anga zimene ndanena. Sanatsike. Chipewa chili kumutu.

Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, msewu ukadali chowongoka. Matayala analira. Zipangizo zimene zinatsala m'bodi zinagunda kumbuyo kwa kabini ngati mfuti. Mkazi wanga anakankhikira pampando wanga n'kukuwa. Ndinatsitsa giya, galimoto inabangula, kona inafika, ndinakhota ndikupondabe.

Lole inali pomwepo. Inadzaza matumba a simenti mpaka pamwamba, yafa pakati pa mbali yanga, miyala ataiika kumatayala. Mbali inayo basi yaikulu inali ikukwera pang'onopang'ono, yatseka njira yonse. Kumanzere phiri, kumanja basi ndi chigwembe. Pothawira panalibe. Ndinangoona chitsulo cha kumbuyo kwa lole chikukula, chikukula, mpaka chinadzaza galasi lonse.

Galimoto inaima.

Ndikanatulutsa mkono ndikanaigwira lole ija. Pansi pake panatuluka miyendo iwiri ya munthu amene anagona chagada akukonza, masilipasi kuphazi. Miyendo ija inakhwinyata, kenako mwini wake anasuzumira, sipanala m'manja, maso ali tong'o. Tinayang'anizana. Fungo la matayala opserera linalowa pawindo. Anthu a m'basi ankatiyang'ana pamawindo pamene inkadutsa, mayi wina atagwira pakamwa.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Mwina basi inangotenga kanthawi kochepa kuti idutse, koma ine ndinaona ngati chaka. Manja anakanirira pachiwongolero. Lilime linamatirira. M'mutu munkangobwera chithunzi chimodzi: anthu akuthyola masamba ena, oyala pakhomo panga, a anthu atatu, ndi khanda lija kwa Mposa likulira m'manja mwa apongozi.

Amene ananditsitsimutsa ndi mkazi wanga. Anali atatola thumba la dilipi pansi n'kulikwezanso, chipumi chake chikutuluka magazi pomwe anagunda.

"Tiyeni, abambo! Mwaimiranji? Tiyeni!"

Basi itadutsa ndinasuzumira, ndinaona kuti kutsogolo kuli bwino, ndinazungulira lole. Ndipo ndinayambanso kulankhula.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Liwonde ndi ulendo umene unandikalambitsa. Sindinayende pang'onopang'ono iyayi, koma sindinapitirire pamene maso anga afika. Msewu ukatseguka ndinkaponda moto, kona ikabisa kutsogolo ndinkachotsa phazi. Nthawi iliyonse ndikachotsa ndinkamva ngati ndikukhetsa magazi a mwana wanga ndi dzanja langa. Mkazi wanga ankalira, "Fulumirani, akuzizira, manja ake akuzizira!" Ndinamukalipira. Ndinati, "Khala chete, ukufuna tikafike kapena ayi?" Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanamulankhulepo choncho, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kenako ndinabwerera kwa mwana.

"Ngolo ya ng'ombe kutsogolo, tiidutsa. Palibe chikubwera. Tadutsa. Agogo awoloka ndi ndodo, tiwadikire. Awoloka. Mibuyu yayamba, mwanawe, tafika kuchigwa. Akabaza atatu kumanzere, wina wanyamula nkhuku. Nyumba zamalata. Ukumva? Geti la chipatala ilo."

Anamwino anali akutidikira ndi kabedi kamatayala. Anamunyamula, mutu uli lende, dzanja likulendewera pambali. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yotentha, nditatsamira tayala. Mlonda anabwera kudzandiuza kuti ndisunthe galimoto patsekereza, koma ataona mpando wakumbuyo anangobwerera.

Masana onse tinadikira. Anapempha achibale opereka magazi, ine ndinatambasula mkono ndisanamve n'komwe funso lonse. Nditatuluka ndinapempha ndowa kwa amayi ena odikirira odwala, ndinatunga madzi pampopi n'kuyamba kutsuka mpando. Ndinatsuka, ndinatsukanso, madzi akufiirabe. Ndinkaopa kusiya, chifukwa ndikasiya ndiye kuti ndiyang'ana chitseko chimene analowera. Chitseko chija chikatseguka mtima unkaima. Ndinawerengera makona onse amene ndinachotsa phazi, n'kumadzifunsa ngati si ine ndamupha ndi mbolembole wa mdala uja. Ndikatero miyendo ija ya masilipasi inkabweranso m'maso. Uku mantha, uku mantha.

Dzuwa likupendeka dokotala anatuluka. Anati magazi asiya, koma wataya ambiri, tidikire tione mmene kuchere. Sananene kuti tinafika pa nthawi yake, sananenenso kuti tinachedwa. Ine sindinafunse, ndinkaopa yankho.

M'mawa mwake anandilola kulowa. Mwana wanga anali atagona, machubu m'mikono, nkhope yachepa ngati ya kamtsikana kaja ndinkakaperekeza kusukulu. Mayi ake anakhala pambali, pachipumi atamata pulasitala. Ndinaima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja. Anatsegula maso pang'ono.

"Ababa."

"Ndili pano, mwanawe."

"Mbuzi zinali zitatu," anatero. Mawu ake anali ngati a munthu wolankhula kuseri kwa khoma.

Ndinayang'ana mkazi wanga, ndimayesa mwana wathu mutu wasokonekera. Koma mwanayo anapitiriza, akupumira pakati.

"Ndimakumvani. Amayi sindimawamva, zinali ngati ndamira m'madzi. Koma inu ndimakumvani. Mbuzi, udzu, mwana wasukulu. Ndinadziuza kuti ndizigwira mawu amenewa, ndikangosiya kuwamva ndiye kuti ndapita." Anameza malovu. "Ndiye penapake munakhala chete, ababa. Munati wanjinga akuimba mluzu, kenako zii. Ndinadikira, osamva kanthu. Ndinati basi, ndafa, mwana wanga sindimuonanso. Ndinaopa, ababa. Munakhaliranji chete?"

Mkazi wanga anaweramitsa mutu. Ine ndinagwira chitsulo cha bedi.

"Ndimameza malovu, mwanawe," ndinatero.

"Musamatero," anatero iye, maso akutsekeka. "Muzilankhula."

Za lole ija sitinamuuze, ndipo mpaka lero sakudziwa.